Malungo: Zimene Zimachitika M'kati mwa Selo la Magazi

Mvula ikakhazikika mu Januwale, mzere wa odwala pachipatala chachikulu cha pa Boma ku Mulanje umatalika. Amayi ochokera ku Chitakale, ku Likhubula, ku Chisitu ndi m'midzi yozungulira minda ya tiyi amalawirira m'mamawa atabereka ana otentha thupi, ena akusanza, ena akungogona osafuna n'kuyamwa komwe. Wachipatala amabaya chala cha mwana, n'kudonthezera magazi pa kachipangizo koyera ka pulasitiki. Pakatha mphindi 15 kapena 20 pamatuluka mzere umodzi kapena iwiri. Ikakhala iwiri ndiye kuti ndi malungo, ndipo mayi amapita pawindo kukalandira LA.

Zonsezi anthu a ku Mulanje anazizolowera. Ngakhale mwana wa ku pulayimale amadziwa kuti malungo amabwera ndi udzudzu, ndiponso kuti pogona pamafunika masikito. Koma alipo mafunso ena amene sayankhidwa kawirikawiri. N'chifukwa chiyani mwana wa zaka ziwiri amatha kukomoka ndi malungo, pamene bambo ake, ogona m'nyumba yomweyo, amangomva kuphwanya m'thupi n'kudzuka kupita kokathyola tiyi? N'chifukwa chiyani mayi woyembekezera amapatsidwa Fansida kusikelo ngakhale sakudwala? Nanga kolorokwini, amene agogo ankamudalira, anathera kuti?

Mayankho a mafunso onsewa ali pamalo amodzi ochepetsetsa, osaoneka ndi maso: m'kati mwa selo lofiira la magazi.

Thupi ndi maselo ake

Chamoyo chilichonse, kaya ndi munthu, mkungudza wa m'phiri la Mulanje kapena udzudzu, chinapangidwa ndi timagawo tamoyo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Selo ndi kathumba ka madzi okhuthala, kokutidwa ndi kakhungu kopyapyala kamene kamasankha zolowa ndi zotuluka. Munthu wamkulu ali ndi maselo pafupifupi 30 thililiyoni, kutanthauza 30 yotsatidwa ndi maziro 12. Ena ndi a khungu, ena a minofu, ena a ubongo, ena a chiwindi, ndipo mtundu uliwonse uli ndi ntchito yake.

Zimene zimagwira ntchito m'selo ndi mapuloteni. Munthu akadya nyemba, usipa kapena mazira, thupi limaphwanya mapuloteni a m'zakudyazo kukhala tizidutswa ta mitundu 20 totchedwa ma amino asidi, kenako maselo amatilumikizanso mwatsopano kuti apange mapuloteni awoawo. Mndandanda wa tizidutswato ukalumikizidwa umapindikapindika mpaka utatenga maonekedwe akeake, ndipo maonekedwewo ndi amene amapangitsa puloteni kugwira ntchito yake: ina imanyamula mpweya, ina imagaya chakudya, ina imatsegula khomo pakhungu la selo.

Malangizo a kalumikizidwe kameneka amasungidwa m'phata la selo, m'kaulusi kakatali kotchedwa DNA. Malangizowo analembedwa ndi zilembo zinayi zokha, zimene akatswiri amazitchula A, C, G ndi T, ndipo zilembo zitatu zilizonse zimaimira amino asidi imodzi. Chigawo cha DNA chosunga malangizo a puloteni imodzi chimatchedwa jini. Munthu ali ndi majini otere pafupifupi 20,000, omangidwa m'timitolo 46 totchedwa makoromozomu: 23 ochokera kwa mayi, 23 ochokera kwa bambo. Matenda ambiri amayamba pamene puloteni ina yalumikizidwa molakwika, yasowa, kapena yakumana ndi puloteni ya mdani wochokera kunja.

Selo lofiira ndi katundu wake

Pa maselo khumi aliwonse a m'thupi, oposa asanu ndi atatu ndi ofiira a m'magazi. Amapangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa, oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse, ndipo lililonse limazungulira m'thupi masiku pafupifupi 120 lisanathe ntchito.

Selo lofiira likamakhwima limachita zimene maselo ambiri sachita. Limataya phata lake pamodzi ndi DNA, kuti malo onse adzaze ndi puloteni imodzi yotchedwa himogulobini, imene imakhalamo yokwana pafupifupi 270 miliyoni m'selo limodzi. Himogulobini iliyonse ili ndi mbali zinayi, ndipo mbali iliyonse imagwira kachidutswa kofiira kotchedwa himu, kokhala ndi ayironi pakati pake. Pa ayironipo ndi pamene mpweya wa okosijeni umamatirira magazi akamadutsa m'mapapo, n'kukatsika ku minofu ndi ku ubongo.

Selolo ndi lozungulira, lathyathyathya ndiponso lofewa, moti limatha kupindika n'kudutsa m'timitsempha topapatiza kuposa ilo lomwe. Woyang'anira kufewa kumeneku ndi kapamba. Magazi akamadutsa m'kapamba, maselo ofiira amakakamizidwa kupanikizika m'timipata tating'ono, ndipo lililonse limene lauma kapena lapunduka limatsala momwemo n'kuphwanyidwa.

Kwa kachilombo kofuna pobisala, malo ngati selo lofiira ndi osowa. Chakudya ndi chambiri, ndipo selo lopanda phata silitha kuika pakhungu lake zizindikiro zimene maselo ena amaika pouza asilikali a m'thupi kuti m'kati mwalowa mdani.

Mmene mdaniyo anadziwikira

Mtsinje wa Ruo umayambira m'phiri la Mulanje n'kukathira mu Shire pafupi ndi Chiromo. Pamatsiriro pomwepo, mu Januwale 1862, Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya ku Magomero anamwalira ndi malungo, bwato litagubuduzika n'kutaya kwinini amene gulu lake linanyamula. Panthawiyo madokotala a ku Ulaya ankakhulupirira kuti malungo amachokera ku mpweya woipa wa m'madambo. Ankadziwa kuti kwinini amachiza, koma sankadziwa chimene amapha.

Patatha zaka 18, mu 1880, dokotala wa asilikali a ku France, Alphonse Laveran, akuyang'ana magazi a wodwala pa maikulosikopu ku Algeria, anaona tamoyo tikugwedezeka m'magazimo, tili ndi timadontho takuda. Mu 1897 Ronald Ross, ali ku India, anapeza tizilombo tomweto m'mimba mwa udzudzu. Kachilomboka kamatchedwa Plasmodium, ndipo mtundu wake umene umadwalitsa ndi kupha anthu ambiri ku Malawi ndi Plasmodium falciparum. Nakonso ndi selo, lokhala ndi phata lake, makoromozomu 14 ndi majini oposa 5,000, amene akatswiri anamaliza kuwawerenga mu 2002.

Ulendo wa kachilombo

Wofalitsa malungo ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa anofelesi, umene umaluma makamaka usiku pofuna magazi okhwimitsira mazira ake. Ukamaluma umathira malovu oletsa magazi kuundana, ndipo m'malovumo mumabwera tizilombo towerengeka, toonda, totha kukwawa. Timeneti timalowa mumtsempha n'kulunjika ku chiwindi.

M'chiwindi kachilombo kamakhala pafupifupi sabata yathunthu munthu osamva kalikonse. Kamalowa m'selo limodzi n'kuyamba kudzigawa, mpaka kamodziko kasanduka tizilombo masauzande makumi angapo. Kenako selolo limatseguka ndipo tonse timathamangira m'magazi.

Kulowa m'selo lofiira sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Mapuloteni a pamutu pa kachilombo amagwira mapuloteni a pakhungu la selo, kachilomboko kamadzikankhira m'kati, khungulo n'kutsekeka pambuyo pake. Poyamba kamakhala ndi maonekedwe a mphete, ndipo n'zimene ogwira ntchito mulabu amafufuza akamayang'ana magazi pagalasi. Kamadya himogulobini yambiri ya m'selomo, kamakula, kamadzigawa, ndipo pakatha maola 48 selolo limaphulika n'kutulutsa tizilombo tatsopano pakati pa 16 ndi 32, kalikonse kofuna selo lake. Masiku awiri aliwonse chiwerengero chimachulukana chotero.

Tina mwa tizilomboti sitidzigawa koma timasanduka tatimuna ndi tatikazi, n'kumadikira udzudzu wina. Tikayamwidwa timakumana m'mimba mwa udzudzuwo, ndipo ana ake amafika m'malovu pakatha masiku 10 mpaka 14 ngati kunja kukufunda. Kukazizira kwambiri, kutsika cha pa madigiri 16, kukula kumeneku kumaima. Ndiye chifukwa chake malungo ndi vuto la m'munsi mwa phiri, m'zigwa zofunda ndi zonyowa za Ruo, Lichenya ndi Thuchila, osati pamwamba pozizira kumene kuli nsonga ya Sapitwa ya mamita 3,002.

Kutentha thupi ndi kuchepa magazi

Chimene chimatenthetsa thupi si kudya kwa kachilombo ayi, koma kuphulika kwa maselo. Maselo mamiliyoni akaphulika nthawi imodzi, zinyalala za tizilombo zimamwazikira m'magazi. Asilikali a m'thupi, amene ndi maselo oyera a magazi, akazikhudza amatulutsa mapuloteni a uthenga ochenjeza thupi lonse. Uthengawo ukafika pa kachigawo ka ubongo koyang'anira kutentha, thupi limalamulidwa kuti litenthe kuposa nthawi zonse. Munthu amayamba kumva kuzizira ndi kunjenjemera ngakhale dzuwa likuswa mtengo, chifukwa minofu ikugwedezeka kuti ipange kutentha. Kenako thupi limatentha, thukuta n'kutuluka, ndipo amapezako bwino kufikira gulu lina la maselo litaphulika.

Magazi amachepa m'njira zitatu. Maselo amene mwalowa tizilombo amaphulika. Kapamba amachotsanso maselo ambiri amene mulibe tizilombo koma auma chifukwa cha matendawo, ndipo ntchito ikamuchulukira amatupa. Pomwepo m'mafupa kapangidwe ka maselo atsopano kamabwerera m'mbuyo. Mwana wodwaladwala malungo amayera m'manja ndi m'zikope, amapuma mwabefu, ndipo nthawi zina amafunika kuwonjezeredwa magazi.

Kachipangizo koyezera magazi kaja sikaona kachilombo kenikeniko. Kamafufuza puloteni imodzi imene falciparum amataya m'magazi, yotchedwa HRP2, ndipo ikapezeka mzere wachiwiri umatuluka. Puloteniyi imachedwa kuchoka m'magazi, moti munthu amene wachira akhoza kuonetsabe mizere iwiri kwa milungu ingapo.

Maselo omata

Chimene chimapangitsa falciparum kukhala woopsa kuposa abale ake ndi njira yake yozembera kapamba. Selo limene muli kachilombo kokula limauma, ndipo likanadutsa m'kapamba likanagwidwa. Ndiye kachilomboko kamapanga puloteni yomata yotchedwa PfEMP1, n'kuitumiza pakhungu la selo, pamene imakhala pa timatotupa tambirimbiri. Selolo limamatirira kukhoma la mtsempha n'kukhala pomwepo mpaka litaphulika, osafikanso kwa kapamba.

Puloteni yoonekera kunja chonchi asilikali a m'thupi akhoza kuizindikira, ndipo amaizindikiradi: amapanga mapuloteni achitetezo otchedwa ma antibodi, olingana ndi maonekedwe ake. Koma kachilomboko kali ndi majini pafupifupi 60 opangira puloteni imeneyi, iliyonse yopanga ya maonekedwe ena, ndipo kamagwiritsa ntchito imodzi panthawi. Kali ngati wakuba wa malaya 60, amene anthu a m'mudzi akangouzana za malaya ake ofiira, iye wavala kale obiriwira.

Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa mwana ndi bambo ake. Munthu wamkulu wokulira ku Mulanje walumidwa kambirimbiri, ndipo thupi lake lasonkhanitsa ma antibodi a mitundu yambiri. Amadwalabe, koma kawirikawiri mopepuka. Khanda limatetezekako miyezi yoyamba ndi ma antibodi ochokera kwa mayi ake, koma akatha limatsala lopanda chida. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2023 malungo anapha anthu 597,000 padziko lonse, 95 pa 100 alionse a mu Africa, ndipo mwa a mu Africawo pafupifupi atatu pa anayi alionse anali ana osafika zaka zisanu. Chitetezo cha munthu wamkulu chija chimazilala munthu akakhala nthawi yaitali kumalo kopanda malungo, n'chifukwa chake wobwera kutchuthi kuchokera ku Joni afunika kusamala ngati mlendo.

Maselo omatawa akadzaza m'timitsempha ta mu ubongo, mwana amagwidwa ndi malungo aakulu: amakomoka, amaphupha, sayankha akamaitanidwa. Zambiri zimene dziko likudziwa za vuto limeneli zinaphunziridwa pa mtunda wosatalika kuchokera ku Mulanje, m'wodi ya ana ya pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo anafalitsa mu 1989 njira yoyezera kukomoka kwa mwana wosatha kulankhula, imene mpaka lero madokotala a m'mayiko ambiri amaitchula ndi dzina la Blantyre. Ku Malawi komweku madokotala anapezanso kuti kuyang'ana m'kati mwa diso kumaonetsa zimene zikuchitika mu ubongo, popeza timitsempha ta kuseri kwa diso timayera ndi kutuluka timagazi maselo omata akadzazamo.

Funso loti n'chiyani kwenikweni chimapha anawa linayankhidwa mu 2015, pamene Karl Seydel ndi anzake anafalitsa zimene makina a MRI anaonetsa pa ana 168. Mwa ana amene anamwalira, 84 pa 100 alionse anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene mwa amene anapulumuka anali 27 pa 100. Chigaza sichitanuka, choncho ubongo wotupa umapanikiza chigawo cha m'munsi choyendetsa kupuma, mwana n'kusiya kupuma. Ichi ndi chifukwa chake mwana wokomoka kapena wolephera kuyamwa safunika kudikira kucha.

Mayi woyembekezera amakumana ndi mtundu wapadera wa puloteni yomata, wotchedwa VAR2CSA, umene umagwira m'nsengwa mokha. Ngakhale mayi wokulira kumalo a malungo sanakumanepo nawo asanatenge pakati, ndiye pa mimba yoyamba alibe ma antibodi ake. Tizilombo timaunjikana m'nsengwa mayi osatentha thupi n'komwe, magazi ake n'kumachepa, chakudya chopita kwa mwana n'kumachepanso, ndipo mwanayo amabadwa wosalemera mokwanira. Malawi linali dziko loyamba kuyamba kupereka Fansida kwa amayi oyembekezera ngati choteteza, mu 1993.

Chilembo chimodzi chosinthika

Kwa zaka masauzande ambiri malungo akhala akupha ana mu Africa, ndipo asiya chizindikiro mu DNA ya anthu. Chodziwika kwambiri ndi matenda a sickle cell.

Jini yopanga mbali ina ya himogulobini ili pa koromozomu 11. Mwa anthu ena, chilembo chimodzi cha m'jiniyi chinasintha: pamene pamayenera kulembedwa GAG pali GTG. Kusintha kumeneku kumachotsa amino asidi yachisanu ndi chimodzi pa mndandanda wa 146 n'kuikapo ina. Himogulobini yotere ikatula okosijeni imamatana n'kupanga timitengo touma, ndipo selo limapindika n'kutenga maonekedwe a zenga. Mu 1949 Linus Pauling ndi anzake anasonyeza kuti vuto lili m'himogulobini momwemo, ndipo mu 1956 Vernon Ingram anapeza pamene pali kusiyanako. Aka kanali koyamba kuti matenda a munthu alondoledwe mpaka pa kachidutswa kamodzi ka puloteni.

Munthu aliyense ali ndi majini awiri a mbali imeneyi, wina wa kwa mayi wina wa kwa bambo. Amene watenga yosinthikayi kwa kholo limodzi lokha sadwala sickle cell, ndipo mu 1954 Anthony Allison, wokulira ku Kenya, anasonyeza kuti anthu otere amatetezeka ku malungo. Lero zikudziwika kuti mwayi wawo wodwala malungo oopsa umatsika ndi pafupifupi magawo 90 pa 100, mwa zina chifukwa kachilombo sikakula bwino m'maselo awo ndipo sikatha kuika bwino puloteni yake yomata. Ana otere ankapulumuka n'kubereka, ndipo jiniyo inafala kulikonse kumene malungo anali ambiri. Kafukufuku wa magazi a ana a m'dziko lonse la Malawi wa mu 2015 ndi 2016 anaipeza mwa ana pafupifupi 9 pa 100 alionse.

Mtengo wa chitetezochi amalipira ndi mwana amene watenga jiniyi kwa makolo onse awiri. Maselo ake amakhala masiku 10 mpaka 20 okha, amatseka timitsempha, ndipo mwanayo amatupa manja ndi mapazi, amamva ululu woopsa m'mafupa, amachepa magazi, maso n'kuchita chikasu. Makolo onse akakhala onyamula jiniyi, mimba iliyonse imakhala ndi mwayi umodzi pa inayi wobala mwana wodwala. Si ufiti, ndipo si mlandu wa mayi kapena wa kuchimuna: aliyense wa makolowo anapereka gawo lofanana, mosadziwa. Mwana akayezedwa msanga n'kumalandira mankhwala oteteza ku malungo ndi ku mabakiteriya, komanso mankhwala a hydroxyurea amene amadzutsa himogulobini ya ukhanda yosamatana, moyo wake umasintha kwambiri.

Malungo ndi khansa ya ana

Mu 1958 dokotala wa opaleshoni ku Uganda, Denis Burkitt, anafotokoza za chotupa chokula mofulumira pansagwada kapena m'mimba mwa ana. Mu 1961 anayenda pagalimoto m'zipatala za mayiko angapo, kuphatikizapo Nyasaland, ndipo anapeza kuti chotupachi chimachuluka kumalo ofunda ndi onyowa, komwe kumachulukanso malungo. Mu 1964 m'maselo a chotupachi munapezeka vayirasi yotchedwa Epstein-Barr.

Vayirasi imeneyi pafupifupi munthu aliyense ali nayo, ndipo imagona phee m'maselo opanga ma antibodi. Malungo obwerezabwereza amachititsa maselowo kudzigawa mosalekeza, kwinaku akufooketsa asilikali amene amalondera vayirasiyo. Pa kudzigawa kochuluka chonchi, nthawi zina chidutswa cha koromozomu 8 chimaduka n'kukalumikizika ku koromozomu 14, ndipo jini yolamula kuti selo lidzigawe imatsala yoyaka osazima. Imeneyo ndiyo khansa ya Burkitt, imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana a ku Malawi. Imakula msanga, koma imamvanso mankhwala ikapezeka nthawi yabwino.

Kumene mankhwala amamenya

Podya himogulobini, kachilombo kamatsala ndi himu, amene ndi poizoni kwa iko. Kamadziteteza pomuumba kukhala timiyala takuda tosavulaza, timadontho tija Laveran anaona. Kolorokwini amalowa m'kathumba kogayira chakudya ka kachilombo n'kuletsa kuumbako, kachilomboko n'kufa ndi zinyalala zake zomwe.

Koma tizilombo tina tinabadwa ndi kusintha m'jini yotchedwa pfcrt, yopanga puloteni ya pakhoma la kathumba kaja. Puloteni yosinthikayo imatulutsira kolorokwini kunja. Tizilombo totere tinachokera ku Asia, tinafika kum'mawa kwa Africa cha m'ma 1978, ndipo kulikonse kumene anthu ankamwa kolorokwini tinatsala tokha tinzake titafa. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolorokwini n'kuyamba Fansida.

Zimene zinatsatira zinadabwitsa akatswiri. Ku Blantyre, tizilombo tosamva kolorokwini tinali 85 pa 100 mu 1992, koma pofika 2000 tinatsika kufika 13 pa 100, kenako tinasoweka. Puloteni yosinthika ija imafooketsako kachilombo, ndiye mankhwalawo atachoka, tizilombo takale tinapambana. Mu 2005, pa kafukufuku wa ku Ndirande, kolorokwini anachiza ana 99 pa 100, pamene Fansida, amene nayenso tizilombo tinali titamuzolowera, anachiza 21 pa 100 okha. Kolorokwini sanabwezeretsedwe m'zipatala, chifukwa mankhwala amodzi oyenda okha tizilombo timawapezera njira msanga.

Phunziro limeneli ndi limene linabweretsa LA mu 2007. M'piritsi lililonse muli mankhwala awiri. Oyamba amachokera ku artemisinin, amene Tu Youyou wa ku China ndi gulu lake anamutulutsa m'chitsamba mu 1972, ntchito imene inamupatsa mphoto ya Nobel mu 2015. Mankhwalawa amayaka akakumana ndi ayironi wa m'himu, n'kuononga mapuloteni ambiri a kachilombo nthawi imodzi. Amapha mofulumira koma amachoka m'magazi m'maola ochepa. Achiwiri, lumefantrine, amakhalitsa masiku angapo n'kumaliza totsala. Ndiye pali chifukwa chenicheni chimene achipatala amanenera kuti LA amwedwe kawiri patsiku kwa masiku atatu ngakhale thupi litazizira, ndiponso kuti amwedwe munthu atadya: lumefantrine amalowa bwino m'magazi pakakhala chakudya cha mafuta, monga phala lotendera nsinjiro kapena mkaka wa m'mawere. Wolekezera panjira, kapena wogawana mapiritsi ndi mnzake, amasiya amoyo tizilombo tolimba kwambiri. Kwa odwala mwakayakaya pali jakisoni wa artesunate, amene kafukufuku wamkulu wa ana a mu Africa wa mu 2010 anasonyeza kuti amapulumutsa ambiri kuposa kwinini.

Katemera ndi zimene zikuyang'aniridwa

Pa 23 Epulo 2019 Malawi linakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kudzera m'masikelo, m'maboma 11 osankhidwa kuphatikizapo Phalombe, kuseri kwa phiri. Ghana ndi Kenya anatsatira chaka chomwecho. M'katemerayu muli chidutswa cha puloteni yokuta kachilombo kamene kangochoka mu udzudzu, choncho amaphunzitsa thupi kukagwira kasanabisale m'chiwindi. Amaperekedwa kanayi kuyambira mwana ali ndi miyezi isanu. Satseka malungo onse, koma m'madera amene anaperekedwa imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zinatsika ndi 13 pa 100. WHO inamuvomereza mu 2021, ndipo mu 2023 inavomerezanso wachiwiri, R21.

Nawonso adani akusintha. Udzudzu wa Anopheles funestus wa kum'mwera kwa Malawi ndi ku Mozambique unapezeka kuti ukupanga mapuloteni ochuluka ophwanya mankhwala a m'masikito, ndipo n'chifukwa chake masikito atsopano amabwera ndi mankhwala owonjezera. Ku Eritrea ndi ku Ethiopia kuli tizilombo timene tinataya jini ya HRP2, moti kachipangizo koyezera kamaonetsa mzere umodzi munthu ali ndi malungo. Chodetsa nkhawa koposa ndi kusintha kwa jini yotchedwa kelch13, kumene kumachititsa kachilombo kuchedwa kufa ndi artemisinin. Kunayambira ku Cambodia, koma mu 2020 kunalengezedwa ku Rwanda, kenako ku Uganda ndi ku Tanzania, ndipo kusintha kwa mu Africaku kunabadwira konkuno.

Malawi linadziikira chaka cha 2030 kuti lithetse malungo, ndipo kuyang'anira majini amenewa ndi gawo la ntchitoyo. Ofufuza a ku Kamuzu University of Health Sciences ndi a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre amagwira ntchito limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo pounika tizilombo ndi udzudzu wa m'dziko muno. Njira yake ndi yosavuta kunyamula: timadontho ta magazi a odwala timaumitsidwa pa kapepala, timatumizidwa ku labu, ndipo kumeneko DNA ya kachilombo imachulukitsidwa n'kuwerengedwa chilembo ndi chilembo pa majini a kelch13, pfcrt ndi HRP2. Zotsatira zake ndi zimene zidzauze unduna ngati LA akugwirabe ntchito, ngati zoyezera za m'zipatala zikunenabe zoona, ndiponso nthawi yoyenera kusintha mankhwala ana asanayambe kubwerera kuchipatala ndi malungo osamva.